Kwathu kulibe loya ndi mmodzi yemwe: wondilangiza ndimupeza kuti kuno ku England?

Funso

Ndili m'chaka chachiwiri cha digiri ya zamalamulo pa yunivesite ina ya ku Midlands, kuno ku England. Ndinachoka ku Malawi ndili ndi zaka 13. Mayi anga ndi namwino, bambo amasamalira okalamba, ndipo kumtundu kwathu kulibe amene anakhalapo loya. M'kalasi ndimakhoza bwino, koma anzanga ayamba kale kukamba za vacation scheme ndi mini-pupillage pamene ine poyambira sindikupaona. Aphunzitsi amangoti ndipeze wondilangiza amene ali kale pantchitoyi. Munthu wotere ndimupeza kuti, makamaka wakuda ngati ine? Nanga ndikamupeza ndizikamba naye zotani?

Yankho

Achemwali, anzanuwo sanakuposeni nzeru. Chimene ali nacho ndi kalendala ya ntchitoyi, ndipo ambiri anaimvera pakhomo, kwa bambo, azakhali kapena mnzawo wa makolo amene ndi loya. Makampani akuluakulu a maloya ku England amasankha anthu kudakali zaka ziwiri kuti ayambe ntchito. Mafomu a vacation scheme amayamba kulandiridwa cha mu Seputembala kapena Okutobala, ambiri amatsekedwa pakati pa Disembala ndi Januwale, ndipo amene amafunidwa kwambiri ndi ophunzira zamalamulo a chaka chachiwiri, ngati inuyo. Vacation scheme ndi sabata imodzi kapena masabata awiri ogwira ntchito mkati mwa kampani, ndipo makampani ambiri amasankha odzawaphunzitsa ntchito pakati pa anthu amene anadutsa pamenepa. Ena amawerenga mafomu akangofika osadikira tsiku lotsekera, moti wotumiza mochedwa amapeza malo atatha. Zili ngati kubzala chimanga mu Febuluwale: mbewu ingakhale yabwino chotani, mvula yotsalayo siikwana. Choncho ntchito yaikulu ya mlangizi ndi kukuuzani chimene chikubwera m'miyezi itatu ikudzayi ndi kuwerenga zimene mwalemba musanatumize. Kukulimbitsani mtima n'kwabwino, koma n'kwachiwiri.

Nkhawa yanu si yongoganizira. Bungwe loyang'anira ma solicitor (maloya olangiza anthu ndi kulemba zikalata), Solicitors Regulation Authority kapena kuti SRA, limasindikiza zotsatira za SQE, mayeso amene munthu amalemba kuti akhale solicitor, motengera mitundu ya anthu, ndipo chiyambireni mayesowa mu 2021 akuda akhala akukhoza ochepa poyerekeza ndi azungu. Bungweli linapempha University of Exeter kuti ifufuze chifukwa chake, ndipo lipoti lomaliza linatuluka mu 2024. Mbali ya ma barrister (maloya oimirira anthu m'khoti) nayo ndi chimodzimodzi: kafukufuku wa mu 2017 wa Bar Standards Board, bungwe loyang'anira ma barrister, anapeza kuti ophunzira a mitundu yochepa anali ndi mwayi wochepa wopeza pupillage, nthawi yophunzira ntchito pansi pa barrister, ngakhale atakhoza mofanana ndi azungu, ndipo Bar Council, bungwe loimira ma barrister, inatulutsa lipoti lake la Race at the Bar mu 2021. Ndikunena izi kuti nkhani yopeza mlangizi muitenge ngati phunziro lina la chaka chino, lokhala ndi nthawi yake pa sabata.

Musanafune munthu, dziwani njira ziwiri zimene zilipo, chifukwa makolo anu mwina akuganiza za ku Malawi kumene loya mmodzi yemweyo amalemba zikalata ndi kukaimirira m'khoti. Ku England ndi Wales ntchitoyi inagawidwa pawiri. Wofuna kukhala solicitor amafunika digiri, mayeso a SQE1 ndi SQE2, ndi zaka ziwiri zogwira ntchito ya zamalamulo, zimene amazitcha QWE, zomwe mukhoza kuzisonkhanitsa m'malo osaposa anayi. SQE1 ili ndi mapepala awiri a mafunso 180 lililonse, osankha yankho limodzi mwa asanu. SQE2 ndi ntchito 16 zochita, zinayi zapakamwa ndi 12 zolemba. Wofuna kukhala barrister amalowa m'gulu limodzi mwa anayi otchedwa Inns of Court, omwe ndi Lincoln's Inn, Inner Temple, Middle Temple ndi Gray's Inn, amachita kosi ya Bar, amapezeka pa misonkhano khumi ya Inn yake, kenako amachita pupillage ya miyezi 12: isanu ndi umodzi yotsatira barrister wamkulu, isanu ndi umodzi yotsalayo akutenga milandu yekha. Mini-pupillage ndi masiku ochepa chabe otsatira barrister kuti muone ntchito yake. Simukukakamizidwa kusankha lero. Koma mukamalembera munthu, muzidziwa kuti ali mbali iti, chifukwa barrister sadziwa bwino mafomu a makampani, ndipo solicitor sadziwa bwino zimene ma chambers, maofesi amene ma barrister amagwiriramo ntchito pamodzi, amafuna.

Pofuna mlangizi yambirani pafupi. Ofesi ya zantchito ya pa yunivesite yanu nthawi zambiri imakhala ndi ndondomeko yolumikiza ophunzira ndi anthu amene anaphunzira pomwepo, ndipo kulembetsa kwake kumachitika kumayambiriro kwa chaka cha maphunziro. Ngati sukulu yanu ili ndi law clinic yothandiza anthu mwaulere, lowanimo: amene amayang'anira ntchito yanu kumeneko ndi loya weniweni, amaona mmene mumalembera ndi mmene mumalankhulira ndi anthu, ndipo maola amenewo akhoza kuwerengedwa pa QWE.

Kenako pali mabungwe amene anakhazikitsidwira anthu onga inu. Black Solicitors Network, imene inayamba mu 1995, ili ndi ndondomeko zolangiza ophunzira ndi maloya achinyamata. Aspiring Solicitors, SEO London ndi Rare amaphunzitsa kulemba mafomu, amachititsa intavyu yoyeserera ndi kulumikiza ophunzira ndi makampani, ndipo wophunzira salipira. Law Society, bungwe loimira ma solicitor, ili ndi Diversity Access Scheme, imene imalipira maphunziro, kupezera munthu poyeserera ntchito ndi kumupatsa mlangizi. Kwa ofuna kukhala ma barrister pali Bridging the Bar, imene inayamba mu 2020, Pegasus Access and Support Scheme ya Inner Temple, ndi Access to the Bar Awards ya Middle Temple. Ma Inn onse anayi amalumikizanso ophunzira awo ndi ma barrister. Bungwe lililonse lili ndi zoyenereza zake, ena amayang'ana mtundu, ena chuma cha pakhomo kapena sukulu imene munaphunzira, ndipo masiku otsekera amasintha chaka ndi chaka. Tengani madzulo amodzi, tsegulani tsamba la lililonse, lembani masikuwo papepala limodzi. Lembetsani ku atatu kapena anayi, osati limodzi, chifukwa nawonso amasankha ndipo malo ndi ochepa.

Tsopano za khungu, popeza mwafunsa. Maganizo anga ndi akuti musadikire loya wakuda musanayambe. Akuluakulu akuda pantchitoyi akadali ochepa. Dame Linda Dobbs anakhala jaji woyamba wosakhala mzungu wa High Court mu 2004, I. Stephanie Boyce anakhala pulezidenti woyamba wakuda wa Law Society mu 2021, ndipo Barbara Mills KC anakhala wapampando woyamba wakuda wa Bar Council mu 2025. Zaka zimenezi zikuonetsa kuti khomoli latseguka posachedwa, ndipo ochepa amene ali pamwambawo amalandira mapempho ochuluka kuposa amene angakwanitse. Chimene chimathandiza ndi kukhala ndi anthu awiri kapena atatu, aliyense ndi ntchito yake.

Wofunika kwambiri, amene ophunzira ambiri amamunyozera, ndi munthu amene wakutsogolerani ndi chaka chimodzi mpaka zitatu zokha: trainee (wophunzira ntchito ya solicitor), pupil (amene ali pa pupillage), kapena amene wangovomerezedwa kumene. Iyeyu analemba mafomu omwewo chaka chatha, akukumbukira mafunso a pa intavyu, ndipo mwina analembanso SQE. Loya wa zaka 20 pantchito anadutsira njira yakale ya LPC, kosi imene ofuna kukhala solicitor ankachita SQE isanabwere, ndipo malangizo ake pa mayeso akhoza kukhala otha ntchito ngakhale akuwapereka ndi mtima wabwino. Wachiwiri ndi wamkulu, wa mtundu uliwonse, amene amakhala nawo posankha anthu ndipo amadziwa chimene chimagwetsa fomu. Wachitatu ndiye wofanana nanu, wokamba naye zimene enawo sangazimve msanga: dzina lanu limene anthu amalephera kapena sayesa n'komwe kulitchula, tsitsi, kalankhulidwe, ndi kuyesedwa munthu wina m'khoti. Mu 2020 barrister wakuda Alexandra Wilson anayesedwa woimbidwa mlandu katatu tsiku limodzi m'khoti, mpaka akuluakulu a makhoti anapepesa. Zoterezi zikakuchitikirani mumafuna munthu amene sangayambe ndi kukufunsani ngati simunamve molakwika.

Ngati mwaona munthu pa LinkedIn kapena munamumva akulankhula pa msonkhano wa pasukulu, mulembereni nokha. Safunsa anadya phula. Uthenga ukhale wa ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi: ndinu ndani ndipo muli chaka chanji, chifukwa chimene mwasankhira iyeyo osati wina, funso limodzi lenileni, ndi pempho la mphindi 20 pafoni kapena pavidiyo pa nthawi imene iye angasankhe. Funso ngati lakuti anasankha bwanji pakati pa milandu ya mabanja ndi ya zantchito limayankhika. Lakuti akuthandizeni kukhala loya siliyankhika. Musaike CV pa uthenga woyamba, musapemphe ntchito, ndipo musamupemphe kuti akhale mlangizi wanu musanalankhulane n'komwe. Ambiri sayankha, osati chifukwa cha inu ayi, koma chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito. Kumbutsani kamodzi pakatha masabata awiri, kenako pitani kwa wina.

Dziwani kuti ma solicitor ambiri amalemba nthawi yawo m'tizigawo ta mphindi zisanu ndi chimodzi, ndipo kagawo kalikonse kali ndi mtengo wake. Theka la ola limene wakupatsani ndi tizigawo tisanu timene sanalipiritse munthu. N'chifukwa chake amene amayendetsa ubalewu ndi inuyo. Pa kukumana koyamba gwirizanani zinthu zitatu: muzikumana kangati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo muzilumikizana panjira iti. Kamodzi pa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, kwa mphindi 30 mpaka 45, kwa miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka, n'kokwanira. Kutatsala masiku awiri tumizani mfundo ziwiri kapena zitatu zimene mukufuna kukamba. Ngati mukufuna kuti awerenge fomu, mutumizireni kudakali sabata kapena masiku khumi tsiku lotsekera lisanafike, osati usiku wake. Mukamaliza kukambirana lembani uthenga wothokoza tsiku lomwelo, mutchulemo zimene mwalonjeza kuchita. Ndipo mukazichita muuzeni zotsatira, zabwino kapena zoipa. Alangizi ambiri amatopa ndi wophunzira amene amangobwera pamene wasowa, osanenapo mmene malangizo aja anathera.

Apa ndi pamene ana oleredwa bwino a kwathu amapunthwa, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa chimene chimawapunthwitsa ndi ulemu. Tinaphunzitsidwa kusayang'ana wamkulu m'maso, kusamutchula dzina, kusamutsutsa, ndi kudikira kuti iye ndiye ayambe kutiitana. Loya wa ku London amaziwerenga zimenezi mwa njira ina. Kuyang'ana pansi amakuona ngati kusadzidalira, kuvomera chilichonse amakuona ngati kusaganiza, ndipo mukakhala chete miyezi iwiri poopa kumuvutitsa amaganiza kuti munasiya. Akasaina uthenga ndi dzina lake loyamba, mutchuleni ndi dzina lomwelo. Akanena mfundo imene simukugwirizana nayo, nenani chifukwa chake modekha. Makamaka kwa barrister, kutsutsana mwaulemu ndiyo ntchito imene mukufunayo, ndipo pa intavyu amakutsutsani dala kuti aone ngati muima kapena mugwa. Ulemu wanu musautaye, ungosintha maonekedwe: kufika pa nthawi, kukonzekera, kusunga lonjezo. Mphatso musavutike nazo. Makampani ambiri ali ndi malamulo okhwima pa zolandira mphatso, ndipo mukhoza kumuika munthu pa mpanipani.

Zokamba naye zikhale zogwirika. Choyamba ndi mafomu. Ophunzira ambiri a m'mabanja ngati lanu amabisa ntchito zimene anagwira, poganiza kuti n'zochititsa manyazi pamaso pa maloya: kusamalira okalamba usiku, kugulitsa m'sitolo, kusunga ndalama za gulu la achinyamata ku tchalitchi, kulembera makolo makalata a ku khonsolo. Mlangizi wabwino amakufunsani mafunso mpaka mutatulutsamo umboni: munakhazika bwanji mtima pansi munthu wokwiya, munasunga bwanji chinsinsi cha wodwala, munakhoza bwanji mayeso mukugwira ntchito maola 16 pa sabata. Zimenezi n'zimene osankha amafuna, kungoti ziyenera kulembedwa ndi chitsanzo chimodzi chomveka, chokhala ndi chimene chinachitika, chimene inu munachita ndi mmene zinathera. Mafomu ambiri amafunsanso za sukulu imene munaphunzira, ngati munkalandira chakudya chaulere kusukulu, ndi ngati makolo anu anapita ku yunivesite. Musadumphe mafunsowa. Makampani amene amagwiritsa ntchito njira ya Rare amayerekeza magiredi anu ndi a sukulu imene munachokera, moti magiredi abwino ochokera ku sukulu yovutika amalemera kwambiri. Ngati panali matenda kapena maliro m'chaka chimene magiredi anatsika, pali bokosi lofotokozera. Mlangizi akuthandizeni kulemba ziganizo ziwiri kapena zitatu zosadandaula. Kumbukirani kuti amafunsa malikisi a phunziro lililonse, kuyambira a chaka choyamba.

Chachiwiri ndi kuyeserera. Makampani ambiri amayesa ndi mayeso a kaganizidwe otchedwa Watson Glaser, ndipo munthu amawazolowera poyeserera ndi wotchi. Pemphani intavyu yoyeserera yathunthu, mlangizi akufunseni ngati sakukudziwani, kenako akuuzeni mosabisa pamene munazungulira. Mufunseni kuti kampani yake imapeza bwanji ndalama, makasitomala ake ndi ndani, ndipo nkhani ya pa nyuzi ya sabata ino ikuwakhudza bwanji. Izi n'zimene amatanthauza akamati commercial awareness, ndipo mphindi 15 ndi munthu wa mkati zimaposa kuwerenga kwa mwezi.

Chachitatu, ndipo ichi chimapulumutsa mabanja ku ngongole, ndi ndalama. Musalipire kosi ya Bar kapena yokonzekera SQE musanakambirane ndi mlangizi. Makampani akuluakulu amene akupatsani training contract, mgwirizano wokuphunzitsani ntchito ya solicitor, amalipira okha SQE ndi kukupatsani ndalama yodyera. Ma Inn amapereka thandizo la ndalama za kosi ya Bar, koma mafomu ake amatsekedwa kumayambiriro kwa Novembala chaka chimodzi kosi isanayambe, ndipo mumaloledwa kupempha ku Inn imodzi yokha. Kwa inu ndiye kuti ndi Novembala wa chaka chachitatu, ndipo pofika nthawi imeneyo muyenera kukhala mutachita mini-pupillage ziwiri kapena zitatu ndi mipikisano yoyeserera milandu. Pupillage Gateway imatsegulidwa kumayambiriro kwa Januwale kwa masabata ochepa chabe, mayankho amatuluka mu Meyi. Gawo lililonse la SQE mumaloledwa kuliyesa katatu kokha m'zaka zisanu ndi chimodzi, choncho kulemba musanakonzeke n'kutaya ndalama ndi mwayi womwe. Mukayamba ntchito ya paralegal, yothandizira maloya, poyembekezera kuti iwerengedwe pa QWE, funsani tsiku loyamba kuti solicitor amene adzasaine ndi uti, ndipo muzilemba mitundu ya ntchito zimene mukuchita mwezi ndi mwezi. Ena amadzazindikira patatha zaka ziwiri kuti ankangosanja mapepala, ndipo ngakhale asainiridwe, pofuna ntchito amasowa chosonyeza.

Pali malire amene simuyenera kudumpha. Mlangizi asakulembereni fomu kapena ntchito ya kusukulu. Akhoza kunena kuti ndime iyi ndi yofooka, koma mawu akhale anu. Mlandu wokopera ukakupezani ku yunivesite mudzayenera kuuulula kwa SRA kapena ku Inn, ndipo nkhani ya kusakhulupirika ikhoza kukutsekerani khomo la ntchitoyi. Zimene mwaona ndi kumva pa mini-pupillage kapena vacation scheme n'zachinsinsi, musazikambe pakhomo kapena pa WhatsApp. Amalawi ku England timadziwana, ndiye mukaona dzina limene mukulidziwa pa fayilo, nenani nthawi yomweyo kuti akuchotsenipo. Ndipo abale ndi a kutchalitchi akangomva kuti mukuphunzira zamalamulo ayamba kubwera ndi nkhani za mapepala okhalira m'dziko. Musawalangize, ndipo musawatumize kwa mlangizi wanu kuti awathandize mwaulere. Kupereka malangizo a za immigration ngati ntchito popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa Immigration and Asylum Act 1999. Auzeni apite ku law centre, ku Citizens Advice kapena kwa mlangizi wovomerezeka.

Nthawi zina ubalewu umasokonekera. Mlangizi akangoti zii, kumbutsani kawiri, kenako uzani woyendetsa ndondomekoyo kuti akupatseni wina. Zimachitika kawirikawiri ndipo palibe amene amakwiya. Chenjerani ndi mlangizi amene, asanaone n'komwe magiredi anu, akukuuzani kuti makampani akuluakulu si a anthu ngati inu, kapena kuti mungoyang'ana milandu ya immigration ndi yaupandu basi. Ntchito zimenezo n'zolemekezeka ngati mwazisankha nokha, koma mufunseni kuti wanena zimenezi potengera chiyani, ndipo mumve maganizo a munthu wachiwiri. Chenjeraninso ndi olipiritsa ndalama zambiri polonjeza training contract, chifukwa palibe amene angalonjeze zimenezo. Muzikumana masana, ku ofesi, m'malo omwera khofi kapena pavidiyo. Munthu akayamba mauthenga a usiku, kukamba za thupi lanu kapena kukuitanirani kunyumba, sungani mauthengawo, lekani kukumana naye, ndipo nenani kwa woyendetsa ndondomeko. Solicitor amakanenezedwa ku SRA, barrister ku Bar Standards Board. Bar Council ili ndi chida chotchedwa Talk to Spot cholembera zimene zachitika ngakhale osatchula dzina lanu, ndipo bungwe la LawCare limamvetsera mwachinsinsi, ophunzira omwe. Mantha akuti akuonongerani tsogolo ndi amene anthu otere amadalira.

Kukanidwa kudzabwera, ndipo anthu ambiri amapeza malo pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Mukafika pa intavyu koma osatengedwa, pemphani kampaniyo kapena chambers kuti ikuuzeni pamene munaperewera, mulembe mawu awo, mupite nawo kwa mlangizi. Ngati mafomu onse akugwa musanaitanidwe, vuto lili pa kalembedwe kapena pa kusankha malo. Ngati mukuitanidwa koma mukugwa pamaso, vuto lili pa kuyeserera. Mankhwala ake ndi osiyana, ndipo nokha n'kovuta kusiyanitsa. Amene adzakutchuleni dzina m'chipinda chimene inu mulibemo, kapena kukulemberani kalata ya umboni, nthawi zambiri ndi amene anaona ntchito yanu ndi maso, monga woyang'anira law clinic kapena barrister amene munamulembera kafukufuku wa tsamba limodzi pa mini-pupillage. Kalata yotere muipemphe kudakali mwezi, ndipo mumupatse CV ndi tsiku lotsekera.

Ngati mumtima muli ganizo lodzabwerera kumudzi kukagwira ntchito, liuzeni msanga mlangizi wanu, ndipo mupezenso wina amene ndi membala wa Malawi Law Society. Malamulo a Malawi anachokera ku common law ya ku England, koma digiri kapena chilolezo cha kuno sichikulolani kuimirira m'khoti la ku Blantyre kapena Lilongwe nthawi yomweyo. Dziko lili ndi zoyenereza zake pansi pa Legal Education and Legal Practitioners Act, kuphatikizapo maphunziro a ku Malawi Institute of Legal Education ndi mayeso a malamulo a Malawi, ndipo loya wa ku London sangakuuzeni mmene zimenezo zikuyendera panopa.